Munalankhula Katatu Padzuwa

Amayi, kumeneko kwacha bwanji? Kaya kumeneko kumachanso, ine sindidziwa. Ndine Malita, mwana wanu woyamba, yemwe uja munkati ali ndi pakamwa ngati pa mlamba. Papita miyezi isanu ndi iwiri chikuikireni m'manda, ndiye ndati ndikuuzeni ndekha za kuno, poti inu nkhani za pakhomo panu simunkafuna kuzimvera kwa anthu apanjira.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa n'zochepa, sizichedwa kutha. Ruti, mdzukulu wanu, anachira bwinobwino mu Malichi, mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, ndipo zikuoneka kuti watengera ndi mtima womwe. Akafuna bere salira ayi, amangokuyang'anitsitsa mpaka uchite manyazi wekha. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija inaswa tiana tiwiri, kamodzi kanatengedwa ndi ng'ona pokamwa madzi. Mapira akumtunda anapserera ndi dzuwa la mu Febuluwale, tinangokolola mankhusu. Masau okha ndiwo abereka mopanda ulemu, ana akungoyenda mano ali gwa.

Madzi anasefukira monga mwa masiku onse, n'kuphwa mu Epulo, ndipo anasiya dothi lakuda lonona m'dimba mwanu muja, lija munkati ngakhale mpini wa khasu ukauiwala m'menemo umaphuka. Chimanga chimene chili m'menemo pano chafika m'chiuno, chobiriwira bii. Koma sindinadzale ndine, Amayi. Anadzala ndi a Zuze, mlamu wanu, mng'ono wawo wa malemu abambo. Kalatayi ndi ya nkhani imeneyo, ndiye khalani pansi bwino.

Inu mukudziwa kuti dimba limenelo ndilo linali mphika wanga. Chipitireni bambo a Ruti ku Joni osatembenukanso, ana anayi ndawalera ndi mbatata, nyemba ndi chimanga cha m'menemo. Mukudziwanso kuti a Zuze anayamba kalekale kulimezera malovu. Iwo amati abambo anakulowolani ndi ng'ombe, choncho chilichonse chimene munagwira ndi manja anu ndi cha kuchimuna. Inu munkayankha kuti dimbalo anakusiyirani ndi amayi anu a Chimang'anja, ndipo ng'ombe za Asena zinalowola munthu, sizinalowole dothi. Muli moyo sankayerekeza n'komwe kupondamo. Koma chifuwa chija chitakula mu Okutobala, inunso munaona kuti akungowerenga masiku.

Ine ndinakuuzani zanzeru, ndipo lero ndikubwereza kuti mumve. Ndinati tiitane akulu a mpingo awiri ndi ankhoswe a mbali zonse, mulankhule pamaso pawo, basi nkhani yatha. Munakana. Munati anthu amafa, ena amaiwala, ena amagulidwa ndi botolo la kachasu, koma makina sanama. Munali mutaona paukwati wa Ruti mmene anyamata anajambulira pafoni, inu n'kudzimva nokha mukululutira patapita sabata. “Muitane Fanuwelo abwere ndi makina ake, ndiikemo mawu anga.” Fanuwelo, mwana wanu wamwamuna mmodzi yekhayo, amene munamugulitsira thonje zaka zonse zija kuti aphunzire pamene ine ndinkapindika msana m'munda. Ndinamuimbira.

Anabwera, Amayi, ndipo ndiyenera kukuuzani bwinobwino chimene anabweretsa, chifukwa inu munangoona kuti mwana wafika kuchokera ku Blantyre ndi zikwama. Mwana wanuyo ali m'kagulu ka anthu okhuta, ogwira ntchito m'maofesi, amene anatopa ndi zithunzi za pafoni. Amasaka makamera akalekale apakaunjika, aja azungu ankajambulira ana awo kale ife tisanabadwe. M'kamera yotereyi amaikamo kabokosi kakang'ono ka filimu yopyapyala ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono, ndipo kabokosi kamodzi kamatha pa mphindi zitatu zokha. Tsono anthu amenewa amakhalira kukangana kuti mwa mafilimu a mitundumitundu amenewa, ndi iti imene imatulutsa bwino khungu la munthu wakuda. Fanuwelo anali ataitanitsa kunja mitundu itatu, akusowa woyeserapo. Foni yanga inamupeza ali pamenepo.

Anandifotokozera yekha pakhonde, maso ali ngwee ngati mwana wapeza chisa cha mbalame. Yoyamba akuti ndi ya padzuwa, imakoleza mitundu. Yachiwiri anaipangira m'nyumba mowala magetsi, ukapita nayo panja imafuna kagalasi kofiirira kutsogolo kwa kamera, koma iye ankafuna aone mmene ingatulukire popanda kagalasiko. Yachitatu inatha nthawi yake kalekale, inagona m'firiji ya munthu wina zaka zambirimbiri. Onse atatu anawanyamula m'kabokosi kozizira kaja amaikamo zakumwa, atayalamo ayisi, akuti kutentha kwa kuno kumawononga filimu. Ine ndinangoti chabwino achimwene, bola mawu a amayi alowe. Iye ankangopukuta galasi la kamera.

M'mawa mwake anadikira mpaka dzuwa lifike paliwombo, dzuwa la Okutobala la kuno kuchigwa, limene ndi abuluzi omwe amalithawa. Anakukhazikani pampando pakati pa bwalo. Ndinati bwanji osawaika pansi pa msau, iye akuti ayi, mthunzi wa masamba umasinthasintha, akufuna kuwala kofanana pa mafilimu onse. Anakumangani mpango woyera kumutu, n'kukuvekani chitenje chofiira chija cha paukwati, akuti choyera, chofiira ndi khungu lakuda zikakhala pamodzi m'pamene filimu imaulula mphamvu zake. Inu munakondwa, Amayi. Munkamwetulira, munkayesa kuti mwana akukupatsani ulemu.

Kenaka munandithamangitsa. “Iwe choka apa, pita kumjigo uko. Asadzanene kuti unandiika mawu m'kamwa.” Ndinaona kuti n'zanzeru, ndinapita. Pamjigo paja ndinkakuonani bwinobwino, koma mawu anu anali atadyedwa kale ndi chifuwa, sakanafika. Ndinaona Fanuwelo akutulutsa foni m'thumba n'kuisendeza pafupi ndi tsaya lanu. Inu munaweramira komweko, n'kuyamba kulankhula, chala chili m'mwamba. Kamera inkalira ngati makina osokera. Itasiya, anatsegula, n'kusintha kabokosi, ndipo ndinamumva akukuwa, poti makutu anu anali atayamba kugontha: “Sizinagwire bwino, Amayi, bwerezani!” Munabwereza. Anasinthanso. “Kamodzi kokha, Amayi, komaliza!” Kachitatu kameneka mutu wanu unkagwera pachifuwa, inu n'kumaudzutsa, n'kumapitiriza.

Sindikunena kuti dzuwa limenelo ndilo linakuphani, kuchipatala anati ndi chifuwa. Ndikungonena kuti kuchokera tsiku limenelo simunapondenso pabwalo ndi miyendo yanu. Tinakulowetsani chonyamula, thupi lili ngati mbaula. Munapempha kachidutswa ka ayisi kuti muike palilime. Fanuwelo anayang'ana m'kabokosi kake kozizira kaja, n'kunena kuti watsala wochepa, ndipo ulendo wa ku Blantyre ndi wautali. Ine ndinatsegula pakamwa panga pa mlamba paja, koma munandigwira mkono. “Musiye, akudziwa ntchito yake.” Ndinakupatsani madzi a mumtsuko, ofunda ngati tiyi.

Munatisiya mu Disembala. Za maliro sindikuuzani zambiri, munalipo. Anthu anabwera, ochokera kutsidya komwe anawoloka pabwato, ndipo kwaya inaimba nyimbo yanu ija molakwitsa. Tisanamete n'komwe, a Zuze anayambitsa ya dimba. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anayesa kutiyanjanitsa. Anati tiligawe pakati, a Zuze atenge chakumtsinje, ine chakumtunda, maliro asanunkhe mkangano. A Zuze anavomera monyinyirika. Ine ndinakana, Amayi. Ndinaimirira pamaso pa anthu onse, chitenje nditamanga m'chiuno, ndikuti: “Palibe zogawa pano. Amayi anasiya mawu awo m'makina, katatu konse. Dikirani mudzamve nokha.” Fanuwelo anali pomwepo, akuyang'ana nsapato zake. Paja munkakonda kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine wa pamphuno ndinamutaya ndekha, ndikudalira makina anu osanama.

Mafilimuwo akuti kuno kulibe wowatsuka, anawatumiza kunja. Tinadikira miyezi. Madzi ataphwa, akuluakulu anati wina asaike mbewu m'dimbamo kufikira mawu a malemu atamveka. Kumayambiriro kwa Meyi Fanuwelo anafika ndi kompyuta yake ndi kamakina koponya zithunzi pakhoma. Tinasonkhana m'nyumba mwanu masana, tinatseka mawindo ndi mabulangete, n'kupachika nsalu yoyera ya pabedi. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, thukuta lili kamukamu. Ine ndinakhala kutsogolo kwenikweni, moyang'anizana ndi a Zuze, kuti ndione bwino nkhope yawo ikamagwa.

Anayamba ndi ya padzuwa ija. Eee, Amayi, mitundu! Chitenje chanu chinkayaka ngati moto wa lupsa, thambo lili buluu ngati mbale yatsopano, mpango woyera mpaka kulasa m'maso. Koma nkhope yanu panalibe. Pansi pa mpangopo panali dzenje lakuda bii, lopanda maso, lopanda pakamwa, chala chokha chikugwedezeka m'mwamba. Amayi ena anayamba kulira. Wina kumbuyo anati kwezani mawu, sitikumva. Fanuwelo anati, “Dikirani muone yachiwiri.”

Yachiwiri, ya magetsi ija, inatulutsa dziko lonse lobiriwira mozizira, ngati mukuyang'ana pansi pa madzi. Chofiira chija chinasanduka ngati chilonda chakale. Koma nkhope yanu inaoneka yonse, khwinya lililonse, thukuta likutsika m'khosi, milomo yong'aluka, maso olowa m'kati. Munkaoneka ngati munthu amene amuvuula m'Shire patapita masiku awiri. Milomo inkatseguka ndi kutsekeka, kutseguka ndi kutsekeka, chala chikuloza kudambo. Mwana wanu ankauza aphunzitsi ena anakhala pafupi naye kuti taonani mmene iyi yagwirira m'mithunzi, ngakhale pansi pa chibwano pakuoneka.

Yachitatu, yotha nthawi ija, inali yofiirira motuwa, yodzaza timadontho tothamangathamanga ngati nyerere. Makwinya onse anasungunuka m'timadonthomo, moti munkaoneka ngati mtsikana wa pachinkhoswe, mtsikana amene mutu ukumugwera pachifuwa ndi manyazi. Itatha, pansalu paja panangotsala poyera.

Ndinaimirira. Ndinati, “Fanuwelo, mawu ali kuti?”

“Achemwali, mafilimu amenewa sagwira mawu. Ndi a zithunzi zokha.”

“Nanga foni ija unawaika patsaya?”

“Ija ndinkayezera kuwala.”

Amayi, munaweramira pafoni yoyezera kuwala. Munathera mpweya wanu wotsiriza pa chinthu chimene chinkangowerenga dzuwa. Ndipo iye ankadziwa kuyambira pakhonde paja. Akanakuuzani, mukanakhala padzuwa katatu? Ankafuna nkhope imodzimodzi, ikulankhula zimodzimodzi, pakuwala kumodzimodzi, kuti anzake a m'kagulu aja aone kusiyana.

A Zuze anaseka mpaka kutsokomola. Anaomba m'manja, akuti m'Chisena chawo: “Pyadidi, zabwino zedi! Mlamu wanga walankhula bwino kwabasi. Ine ndamumva, wati dimba ndi la Zuze. Alipo wina amene wamva zosiyana?” Anthu ena anaseka nawo, anthu omwe aja anadya mbuzi pamaliro anu. Akuluakulu anatembenukira kwa Fanuwelo, poti ndiye yekha anali pafupi nanu tsiku lija, n'kumufunsa kuti malemu ananena chiyani. Anayankha kuti kamera inkalira pakhutu pake, diso lili pagalasi, sanamve kalikonse. Ndinakumbutsa za kugawa pakati kuja. A Zuze anati, “Nkhabe, ayi! Unakana wekha pamaso pa anthu, mtembo usanazizire.” Akuluakulu anayang'anana, n'kunena kuti popanda mawu, popanda mboni, dimba likhale m'manja mwa wamkulu wa banja amene ali moyo. Sabata isanathe a Zuze anali atadzala kale. Khoswe wakhala pamkhate, Amayi, ndani amuphe?

Ndikanatha kulekera pomwepa, mukanangomva kuti mwana wanu wamwamuna ndi chitsiru chophunzira ndipo wamkazi ndi chitsiru chosaphunzira. Koma pali china, ndipo n'chimene chandigwiritsa cholembera.

Tsiku lobwerera ku Blantyre, Fanuwelo anazemba m'mamawa osatsanzika. Ndinakwera njinga ya kabaza kumutsatira mpaka pa boma, ndinamupeza pa siteji akudikira minibasi idzaze. Ndinalanda chikwama cha kamera chija n'kuchikweza m'mwamba. Ndinati ukapanda kundiuza chimene amayi ananena, ndichimenyetsa pansi pompano, undimangitse. Ndinamubereka kumsana mwana ameneyu, ndikudziwa kuti khutu lake limamva ndi khoswe woyenda kudenga. Anayang'ana uku ndi uku, anthu atayamba kutiunjikira, n'kundikokera kuseri kwa golosale.

“Ndinamva, achemwali. Katatu konse ananena zofanana.”

“Anati chiyani?”

“Anati, ‘Dimba ndi la Fanuwelo, mwana wanga wamwamuna. Malita azilimamo pomusungira, asadzalitche lake.’”

Ndinatsitsa chikwama chija pang'onopang'ono. Ndinati nanga bwanji sunanene pamaso pa akuluakulu? Akuti, “Ndikananena pagulu paja mukanamva bwanji, mutatha kudzitama? Ndimakuoperani manyazi. Komanso ine dimba ndichita nalo chiyani ku Blantyre? Milandu ya a Zuze ndilibe nayo nthawi.” Kondakitala anaitana, iye anatenga chikwama chake, n'kuyang'ana kaye ngati galasi silinasweke, n'kukwera.

Mwaona mmene zilili, Amayi? Akanalankhula m'nyumba muja, bwenzi lero ndikulima m'dimbamo, wamanyazi inde, wantchito wa mlongo wanga wamng'ono inde, koma ana akudya. Anakhala chete pamene mawu akanandipatsa chakudya, n'kudzalankhula pamene mawu omwewo analibenso ntchito ina koma kundilasa. Munda anandilanda ndi kukhala chete, inu anandilanda ndi kulankhula.

Ndayesa kudziuza kuti ananama. Ndayesadi, njira yonse yobwerera ndinkayenda wapansi ndikudziuza zimenezo. Koma Fanuwelo akamanama amakanda kuseri kwa khutu, kuyambira ali wamng'ono, ndipo tsiku limeneli manja ake anali phee. Komanso mawu akuti “asadzalitche lake” ndi anu, Amayi. Ndi momwe munkanenera za poto wanu wamkulu, za nkhwangwa, za chilichonse chimene munkandibwereka. Ndiye kumjigo kuja simunanditumize poopa pakamwa pa a Zuze ayi. Munkaopa maso anga.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikulima m'dimba limenelo pambali panu. Pamene mvuu zinkalowa m'chimanga, ndani ankaziimbira zitini? Chaka cha njala chija, ndani ankalowa m'madzi a ng'ona kukakumba nyika, timizu ta m'madzi tija, kuti inu mudye? Miyezi iwiri yomaliza ija, ndani ankakutembenuzani pamphasa, kukusambitsani, kukuchapirani nsalu zimene sindingazitchule m'kalata? Amene anakumanani ayisi ndiye mwini dimba. Ine wosungira. Ndakwiya, Amayi, ndipo sindibisa. Ndimadzuka nawo mkwiyowu, ndimapita nawo kumjigo, ndimabwera nawo pamutu pamodzi ndi ndowa.

Sabata yatha akazi a a Zuze anatumiza uthenga kuti ngati ndikufuna ganyu yopalira, ilipo. Ndinatukwana, ndinalavula, kenaka ndinayang'ana m'nkhokwe. Lachiwiri ndinapita. Ndinapalira mizere yomweyo imene ndinkaidziwa ngati zala zanga, kuyambira pachitsa cha mtondo mpaka pamene madzi amathera. Anandipatsa beseni la mbatata, n'kundiuza kuti ndimagwira bwino ntchito, ndidzabwerenso. Ana anadya, sanafunse kumene zachokera.

Dzana Fanuwelo anatumiza uthenga pafoni ya Ruti, pamodzi ndi zithunzi zitatu, chimodzi pa filimu iliyonse. Akuti mu Seputembala akufuna adzamange chiliza pamanda anu, ndipo pamwalapo adzaikapo chithunzi chanu chochokera m'mafilimu aja. Akuti poti ndine wamkulu, ndisankhe ndine. Wandiuzanso maganizo a anzake, ngati kuti ndinamufunsa. Ambiri akuti yachitatu ndiyo yapambana, chifukwa mwatulukamo wofewa ngati mtsikana. Ena akukonda yoyamba chifukwa cha chitenje. Yachiwiri akuti ndi yaukatswiri koma yoopsa, siyoyenera pamanda.

Ndakhala nazo zithunzi zitatuzo tsiku lonse, ndikuzisinthasintha ndi chala. Yoyamba ndaikana, chifukwa mulibemo nkhope, ndipo mwabisala mokwanira. Yachitatu ndaikana, chifukwa mtsikana wofatsa ameneyo sindinakumane naye ine. Ndamuyankha kuti aike yachiwiri, ndipo asankhe pamene pakamwa pali potsegula, chala chili m'mwamba.

Ndimakukondani, Amayi. Ndayesetsa kuti zindichoke koma zakanika, ndipo n'zimene zikundiwawa kuposa dimba. Musadere nkhawa za manda anu, sadzamera udzu ine ndili moyo. Ndikulonjeza kuti Loweruka lililonse ndizibwera ndi tsache ndi kansalu konyowa, ndizipukuta chithunzi chimenecho mpaka chiziwala, kuti aliyense wodutsa panjira aziona bwinobwino mmene munkaonekera pamene munkanena zija.

Ndine mwana wanu wosungira za eni,
Malita